Makasu Pakhomo pa Shehe Kalisinje

Che Twaliki anafika pakhomo pa Shehe Kalisinje titangotuluka kumene kuswala ya Asiri, pemphero lathu la chakumadzulo, ndipo sanabwere yekha. Patsogolo panali fumbi, pambuyo pa fumbilo njinga yamoto ya kabaza, ndiye kumbuyo kwenikweni anthu awiri akuthamanga wapansi malilime ali panja, wina khasu paphewa, wina khasu ndi fosholo. Unali mwezi wa Okutobala. Kwathu kuno kuseri kwa Ntaja mwezi umenewu nkhuku zimangoti kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, ngakhale mbuzi imayamba yaganiza kaye isanadutse pabwalo. Koma munthuyu anatsika panjinga ali mujekete lachikopa lofika m'mawondo, magalasi akuda bii kumaso, nsapato zosongoka zoti munthu n'kuzulira nazo minga kuphazi. Thukuta limene linkatsika m'khosi mwake, mukanatchera ndowa mukanachapira.

Ine ndimaitanira swala pamzikiti wathu, choncho nthawi zambiri ndimapezeka pakhonde pa a Shehe. Tsiku limenelo iwo anali pamkeka, lichero pamiyendo, akusenda nandolo chifukwa akazi awo zala zinkawavuta. Munthu amene anthu amachokera kutali kudzamufunsa za chipembedzo, makoko a nandolo ali mbwee pamkanjo.

Ndikuuzeni kaye za mlendoyu. Twaliki ndi mwana wamwamuna yekhayo wa malemu Abiti Likongwe. Anapita ku Joni ndevu zisanamere, mlongo wake Asiyatu akadali kamtsikana kosewera fulaye, ndipo chipitireni anabwerako kamodzi kokha, kalekale. Tisamunamizire, sanali mwana wotaya kholo. Nyumba yamalata imene mayi ake ankakhalamo anawamangira ndi iyeyo. Koma mayiwo atayamba kudwala, amene ankawatembenuza pamphasa, kuwamwetsa phala ndi kuwachapira anali Asiyatu. Mayiwo anamwalira m'bandakucha, ndipo tinawaika tsiku lomwelo itatha swala ya masana, monga timachitira Asilamu. Uthenga utamupeza ku Joni, Twaliki anakuwa pafoni mpaka amayi amene anali kumjigo anamva onse: "Musaike! Apititseni kuchipatala akawasunge mufiriji, ine ndikukwera basi!" Basiyo inadya masiku ake panjira ndi m'zipata za mayiko. Anafika m'mawa wa tsiku limene ndikunenali, n'kupeza mphasa za pamaliro zitapindidwa kale. Kumanda sanapiteko. Anaima pabwalo la mayi ake, nauza Asiyatu pamaso pa anthu kuti wataya mayi ngati nkhuku yofa ndi chitopa, ndipo kuyambira tsikulo asadzamutchulenso kuti achimwene. Atatero anapita kumsika kukatenga anthu oti akafukule manda. Koma kwathu kuno khasu sililowa kumanda a Shehe asanavomere, ndiye chifukwa chake fumbi lonse lija linathera pakhomo pawo.

Mlendo ndiye amayamba kupereka salamu, koma Twaliki anangoima njo, manja m'matumba a jekete. A Shehe sanadikire.

"Assalamu alaikum, Che Twaliki."

"Wa alaikum salaam." Mawuwo anatuluka ngati achita kuwakoka ndi chingwe.

"Pepani ndi zimene zakugwerani. Tonse ndife a Allah, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Khalani pamkekapa."

"Sindinabwerere kudzakhala, Shehe."

"Ndiye sunthirani pamthunzi, muimire pomwepo."

A Shehe anaika lichero pambali, nadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi jagi ya madzi ndi kapu, nayamba kupatsa anthu a makasu aja. Wamkuluyo atamwa anapukuta pakamwa, nayang'ana Twaliki cham'mbali.

"Abwana, tinene pano pomwe pali akuluakulu. Kumsika kuja munati pali ganyu yokumba dzenje. Ife timayesa chimbudzi. Zoti m'dzenjemo muli kale munthu mwatiuzira panjira."

Mnzakeyo anavomereza ndi mutu mwamphamvu mpaka chipewa chinagwa. Anagoneka makasu awo pansi mwaulemu ngati ndi mazira, n'kuyamba kusuntha chafutambuyo, pang'onopang'ono, mpaka anakabisala kuseri kwa mtengo wa mango. Twaliki sanawacheukire n'komwe. Madzi anawakana.

"Shehe, ndabwera kuti mundiyankhe pamaso. Foni ndinaimba kapena sindinaimbe?"

"Munaimba."

"Mawu anga anakupezani?"

"Anandipeza onse."

"Mara munaika."

"Tinaika."

"Eish!" Anamenya ntchafu yake, jekete n'kulira ngati ng'oma yonyowa. "Kutsidya uku kwa anzathu a tchalitchi, bambo uja wa chigayo anakhala mufiriji mpaka ana ake onse anafika, wina wochokera ku Ulaya. Amene uja ndiye munthu, mayi anga ayi? Galimoto ndikanatumiza. Firiji ndikanalipira. Chipatala chonsecho ndikanachita hayala, Shehe, ndi madokotala ake omwe!"

A Shehe anali atakhalanso pamkeka. Anayankha motsitsa, moti ine ndinachita kutchera khutu.

"Anzathuwo ali ndi njira yawo, ndipo ine sindiinyoza. Ife tinaphunzitsidwa kuti womwalira asachedwetsedwe. Ulendowo ndi wake, si wathu otsalafe. Munaphunzira zimenezi pakhonde lomwe lino, mutakhala pamene paima nsapato zanupo."

"Zimenezo ndikuzidziwa. Musandibwezere kumadarasa, ndine munthu wamkulu, ndayenda. Malamulo alipo, mara pamakhala kumvana. Mwana wamwamuna ndine ndekha. Wolowa m'manda kukawagoneka mayi anga ndinayenera kukhala ine. Ndipo inu sindikukudani kwambiri, neh, inu mwakalamba, mumangotsata zimene mwauzidwa. Mwini nkhani ndi Asiyatu. Anatopa nawo. Anafuna athane nazo msanga, apume."

Apa ndi pamene a Shehe anatukula mutu.

"Pamenepo ndiloleni ndikukonzeni, chifukwa ndikakhala chete ndikhala mboni yabodza. Asiyatu anabwera pano dzuwa lisanatuluke, wopanda nsapato. Anagwada pamene pali licheropa, nandipempha kuti tidikire. Anati, a Shehe, achimwene akapeza taika sadzandikhululukira. Anandipempha mpaka mawu anamuthera. Amene anakana ndine. Ngati pali munthu woyenera kutukwanidwa pabwalo anthu akuona, ndi uyu wakhala pamkekayu. Ndili pano, yambani."

Twaliki anali atakonzekera kulimbana ndi munthu wozemba, ndiye anapeza munthu wongodzipereka. Anatulutsa manja m'matumba, nawabwezeramonso.

"Ndiye chifukwa chiyani? Mwana akukupemphani, ine ndikukupemphani. Chikanakuvutani n'chiyani?"

"Ndine munthu, Che Twaliki, ndikhoza kulakwa, ndipo Allah ndiye adziwa bwino. Koma ndikuuzani zimene zinali mumtima mwanga. Mayi anu ndinkawaona. Basi ikalira kumsewu uko, ankasiya chimene agwira n'kumvetsera, mpaka phokoso litazilala. Sindikunena izi kuti ndikusenzeni mlandu. Munapita kukasaka, ndipo denga limene atsirizikira pansi pake ndi thukuta lanu. Koma anakudikirani ali ndi mpweya zaka zonsezi. Ndiye nditamva kuti agona, ululu wawasiya, ndinalephera kunena kuti adikirenso. Adikire tsopano m'chitsulo chozizira, kutali ndi kwawo, pakati pa anthu osawadziwa. Pakamwa panga panakana."

Twaliki anavula magalasi. Maso ake anali psuu, otupa, a munthu amene sanaone tulo chichokereni ku Joni. Ine ndinali nditayamba kale kusunga kayendedwe kake m'mutu kuti ndikaseketse anzanga kumsika, koma nditaona masowo zonse zinandithera.

Anavulanso jekete, naliponya pansi. Munthu amene anatsala m'kati mwa jeketemo anali wochepa thupi, malaya atamatirira kumsana. Anavula nsapato zija, nakhala kumapeto kwa mkeka.

"Anawalowetsa ndani?" anafunsa, mawu atasintha.

"Ana aamuna a mng'ono wawo, awiri, ndi amalume anu a Che Mbwana. Ine ndinaima kumutu."

"Ndiuzeni zonse. Musadumphe."

A Shehe anamuuza, osathamanga. Anati amayi anawasambitsa kuseri kwa nyumba atatchinga ndi zitenje, Asiyatu ndiye ankathira madzi, kuyambira mbali ya kumanja. Anati sanda, nsalu yokulungira maliro, inali yoyera, yatsopano, yokwanira bwino. Anati jeneza, chonyamulira maliro, potuluka amuna anachuluka moti munthu unkangoika phewa pang'ono wina wakulanda kale, ndipo anabwera ndi a tchalitchi omwe, amene mayiwo ankawagulitsa mandasi. Anati pamanda tinatambasula nsalu pamwamba monga timachitira poika munthu wamayi, kuti maso a anthu asaone potsitsa. Anawagoneka m'kamphako ka m'mbali, chakumanja, nkhope italoza ku Kibula kumene timayang'ana poswali, namasula mfundo za sanda, natseka ndi timitengo ndi masamba kuti dothi lisawagwere.

"Sanagwe? Sanawagunditse?"

"Anatsika bwinobwino. Anali atapepuka kwambiri."

Liwu limenelo ndi limene linamuthyola. Anabisa nkhope m'manja, mapewa n'kumagwedezeka, koma kulira kosatuluka mawu. A Shehe sanamuletse, sanamugwirenso. Anatenga lichero lawo n'kupitiriza kusenda, maso ali pa nandolo, kumupatsa munthu mpata woti alire osaonereredwa. Ine ndinayang'ana nyerere zimene zinkakoka khoko pansi. Tinakhala choncho nthawi yaitali, mthunzi wa nyumba mpaka unafika pamene panagona makasu paja.

Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Koma Twaliki atapukuta kumaso anasendera pafupi, nagwira m'mphepete mwa mkanjo wa a Shehe. Ukali unali utachoka, ndipo chimene chinatsala chinali chovuta kuposa ukaliwo.

"Shehe, ndamva. Sindikutsutsaninso. Komabe ndiloleni. Sitiwatulutsa ayi. Tingotsegula kumutu kokha, pang'ono, ndione, titsekenso. Palibe adziwe. Anthu awa ndiwabweza, ndikumba ndekha ndi manja angawa."

"Mukufuna mukaone chiyani?"

Twaliki anangogwiritsa mkanjo uja, ndipo a Shehe anapitiriza.

"Ndikufunsa chifukwa munthu sayenda ulendo wonsewu, n'kusiya kudya, n'kudana ndi mlongo wake, chifukwa cha mwambo wolowa m'manda wokha. Chilipo chimene chikukudyani. Ngati mukufuna, mnzathuyu achoke."

Ndinayamba kudzuka, koma Twaliki anandikwezera dzanja kuti ndikhale.

"Akhale. Amve, mwina aleka kundiseka." Anatembenukira kwa a Shehe. "Shehe, nkhope ya mayi anga yandithawa."

A Shehe anasiya kusenda.

"Kafoni kawo kanali kamabatani, kongomva mawu. Ndinkati ndikutumizireni yaikulu tizionana, iwo ankati imeneyo ndi ya ana, ine ndingaiswe. Kujambulidwa ankakana. Chithunzi cha pachiphaso chawo ndachiona m'mawawu, ndi kamdima chabe, akhoza kukhala mayi wa aliyense. M'basi monse muja ndimatseka maso kuti ndiwaone. Mpango wawo wobiriwira ukubwera. Chipini cha pamphuno chikubwera. Manja akubwera, ndi chipsera cha mafuta a mandasi chija. Mawu ndiye ali m'khutumu, akuti Twaliki wadya? Koma pankhope pangokhala mbee, ngati khoma lopaka laimu. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti palibe kanthu, ndikafika ndikawaona komaliza, ndikaisunga. Ndafika, mwakwirira. Tsono ndiuzeni inu ophunzira, munthu amatsanzikana bwanji ndi munthu amene sakumuona? Ndikaima pamanda paja ndizilankhula ndi ndani? Mwana wanji woiwala nkhope ya mayi ake?"

Ndamvapo anthu akufunsa a Shehe za chuma cha masiye, za kutha kwa mabanja, za kusala kudya uli paulendo, ndipo yankho limabwera funso lisanathe n'komwe. Tsiku limeneli anakhala chete mpaka ndinayamba kuopa kuti alibe chonena. Milomo yawo inkagwedera pang'ono, ndikhulupirira ankapempha kwa Mwini wake kuti awapatse mawu.

"Mwanangu," anatero. Kanali koyamba tsikulo kumutchula choncho. "Kuiwala kumeneko si tchimo. Maso amaiwala chimene sakuchiona, ndi mmene tinalengedwera. Mukanakhala kuti simuwakonda, sizikanakupwetekani. Koma dzuwa ili mukuliona, ndipo masiku apitapo. Thupi ndi dothi, ndipo layamba kale kubwerera kwawo. Mukatsegula paja mudzaonadi kanthu. Chimenecho ndiye simudzachiiwala. Chidzakhala pamalo poyera mukunenapo, mukamadya, mukamaswali, mukamagona, mpaka tsiku lanu lidzafike. Ndipo mayi amene anadzisunga moyo wawo wonse, mudzakhala mutawavula pamaso pa dzuwa. Chimene Allah waphimba ine sindingachivundukule. Chilolezo chimenecho sindikupatsani, lero ngakhale mawa."

Twaliki anasiya mkanjo uja. Anayang'ana makasu, nayang'ana kunjira ya kumanda, ndipo ndinaona kuti munthuyu akhoza kudzuka n'kupita yekha, chilolezo kapena popanda chilolezo.

"Ndiye basi," anatero. "Ndibwerere ku Joni chimanjamanja. Ndinabwera wopanda mayi, ndibwerere wopanda mayi, wopandanso ndi nkhope yomwe."

"Ndikufunseni chinthu chimodzi. M'mawa muja mukukalipa pabwalo, mlongo wanu munamuyang'ana?"

"Anawerama, atadzifunditsa mpango. Sindinafune n'kumuona komwe."

"Munamuona liti komaliza?"

"Ulendo ndinabwera uja. Anali mwana."

A Shehe anasasa makoko pamkanjo wawo, nayang'ana Twaliki m'maso.

"Ine mayi anu ndinawadziwa ali msinkhu umene ali Asiyatu lero. M'mawa wa maliro uja, mwanayu atagwada apa n'kutukula mutu, mtima unandidumpha. Ndinayesa Abiti Likongwe abwera okha kudzandipempha. Chipumi chomwecho, mpata wa mano womwewo, ngakhale kapindidwe ka mlomo pofuna kulira. Ndipo ndi iyeyo amene anawatseka maso, ndiye akudziwa mmene anaonekera pomaliza, ndi mawu amene ananena za inu. Kumanda ndidzakuperekezani ndekha mawa ikatha swala ya m'mawa. Mukapereka salamu, mukawapemphera chikhululuko, mukaponya dothi lanu ndi dzanja lanu, chifukwa palibe anakuponyerani. Koma lero simukupita kumeneko. Nkhope mukuifunayo siili pansi pa nthaka, Che Twaliki. Ili kunyumba kwanu, yatupa ndi kulira, ndipo amene mwailiza ndinu. Makasuwa asiyeni pano. Pitani mukaione ikadali pamwamba."